Ndalama za pamalo otsukirapo galimoto zimawerengedwa kuyambira mmawa

Msika wa fodya wa pa Chinkhoma ukatsegulidwa, kawirikawiri m'mwezi wa Epulo, malo otsukirapo galimoto amene ali m'mbali mwa msewu wa M1, kuchokera pa Chinkhoma pomwepo, kudutsa pa boma, mpaka ku Chatoloma ndi ku Nkhamenya, sakhala ndi mpata wopuma. Malole otuta mabelo, mapikiapu a m'maesiteti ndi njinga zamoto za kabaza zimabwera zitafiira ndi fumbi, ndipo ndalama imalowa kuposa miyezi ina yonse. Koma ndi m'nyengo yomweyi pamene mikangano imachuluka pakati pa eni malo ndi achinyamata amene amawagwirira ntchito. Mwini wake amaona kuti galimoto zinali mbwee tsiku lonse, akatsegula bokosi madzulo napeza zochepa, mtima umathamangira kuganiza kuti waberedwa. Wachinyamata amachotsedwa ntchito, dzina lake liipa m'mudzi, pamene mwina sanatengepo ngakhale tambala. Nthawi zambiri cholakwika chimakhala kawerengedwe.

Kuwerengera ndalama zimene zili m'bokosi kumangotiuza kuti muli zingati. Sikutiuza kuti munayenera kukhala zingati. Ichi ndi chifukwa chake munthu akhoza kubwereza kuwerenga katatu, osalakwitsa, koma n'kukagona asakudziwa ngati zakwana. Chiwerengero cha madzulo chimafuna chinzake choyerekeza nacho, ndipo chinzakecho chimapangidwa masana, galimoto iliyonse ikamalowa.

Choyamba ndi ndalama ya chenji. Musanatsuke galimoto yoyamba, ikani m'bokosi ndalama yodziwika, yofanana tsiku ndi tsiku, yamapepala ang'onoang'ono, ndipo muilembe pamwamba pa tsamba la tsikulo. Mlimi amene wangochokera kubanki amabwera ndi ma K5,000 okhaokha. Pakasowa chenji, mnyamata amathamanga kukasintha kugolosale kapena kwa mayi wogulitsa mandasi, wina amabwereka m'thumba mwake kuti adzabweze madzulo, ndipo pofika masana palibe akukumbuka kuti ndalama ya ndani ili kuti. Mitengo nayo ithandize: mtengo wothera pa 500 kapena pa 000 umachepetsa chenji ndi nthawi yowerengera. Mitengoyo ilembedwe pachikwangwani choonekera kwa onse, kuti kasitomala, wotsuka ndi mwini malo azidziwa chinthu chimodzi.

Chachiwiri ndi kope. Sipafunika kaundula wodula. Kope la ana asukulu likwanira. Galimoto ikangolowa, isananyowe n'komwe, palembedwe nambala yake, mtundu wake, mtengo, amene akuitsuka, ndi momwe yalipirira. Kulemba pambuyo, ntchito itatha, ndi kumene kumataya galimoto ziwiri kapena zitatu pa tsiku lotanganidwa. Ndipo wolemba akhale yemweyo wolandira ndalama, munthu mmodzi, wa manja ouma. Zimenezi zimaoneka ngati kuwononga munthu amene akanagwira ndowa, makamaka pamalo pamene antchito ali atatu okha, koma taganizani za ndalama imene yalandiridwa ndi manja a thovu n'kukankhidwa m'thumba la ovolosi yonyowa. Mapepala onyowa amamatana, awiri n'kuwerengedwa ngati limodzi, amang'ambika msanga, ndipo kasitomala wotsatira amawakana. Banki Yaikulu ya Malawi imapempha kawirikawiri kuti tizisamala ndalama chifukwa kusindikiza zatsopano kumadya chuma cha dziko. Kwa mwini malo otsukirapo galimoto, kutayako kumayambira m'bokosi lake lomwe.

Bokosi likhale ndi zipinda, kapena maenvulopu olembedwa, kuti ndalama iliyonse izilowa kwa inzake ikangolandiridwa. Pano pali msampha umene ambiri sauzindikira. Tinazolowera kudziwa ndalama ndi nkhope ya munthu amene ali pamenepo: Rose Chibambo pa K200, James Sangala pa K100, Inkosi ya Makhosi Gomani II pa K50, Inkosi ya Makhosi M'mbelwa II pa K20. Koma nkhope ziwiri zimabwerezedwa. John Chilembwe ali pa K500 ndiponso pa K2,000 imene inatuluka mu 2016. Kamuzu Banda, mwana wa kuno ku Kasungu, ali pa K1,000 ndiponso pa K5,000 imene inayamba kugwira ntchito mu 2022. Dzuwa litalowa, magetsi atazima, munthu akuwerenga ndi tochi ya foni, n'kosavuta kupereka K5,000 ngati chenji ya K1,000, makamaka ikakhala yakuda ndi yokwinyika. Kulakwitsa kumodzi kotere kukhoza kudya mtengo wa galimoto yathunthu. Yang'anani nambala, nkhope ibwere pambuyo. Ndipo ndalama yaikulu imene kasitomala wapereka ikhale pamwamba pa bokosi, poonekera, kufikira chenji itaperekedwa, kuti pasakhale zoti "ndinakupatsani faifi sauzande".

Nthawi yolandira ndi yomwenso yoyenera kuona ngati ndalama ili yeniyeni. Miyezi ya fodya, pamene ndalama zazikulu zikuyenda mwachangu, ndi imene achinyengo amaikonda. Kwezani pepalalo kumene kuli kuwala, muone chithunzi chobisika ndi kachingwe kamene kali m'kati mwake, mulikhudze ndi zala zouma. Mukaizindikira madzulo, mwini wake ali kale ku Jenda.

Za ndalama zachitsulo tinene mwachidule, pakuti masiku ano sizilemera m'bizinesi iyi monga kale. Za K1, K5 ndi K10 n'zovomerezekabe mwalamulo, koma kwacha itatsika mphamvu mu Meyi 2022 ndi 25 peresenti, kenako mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, pamafunika makobidi 100 a K10 kuti akwane K1,000. Kuwawerenga limodzilimodzi usiku uliwonse n'kutaya nthawi. Aponyeni m'chitini chawochawo, kunja kwa ndalama ya chenji, ndipo muwawerenge kamodzi pa sabata: sanjani mulu umodzi wa makobidi khumi, enawo muzingolinganiza msinkhu wake ndi woyambawo, kenako muwerenge milu. Milu khumi ya K10 ndi K1,000. Amangidwe m'timapepala tapulasitiki, mtundu uliwonse pawokha, polemba kuchuluka kwake, apite kubanki pamodzi ndi zina.

Madzulo, ngati zonsezi zachitika, kuwerenga sikutenga nthawi. Kuchitike m'nyumba, chitseko chitatsekedwa, pakhale anthu awiri: wolandira ndalama ndi mwini malo kapena womuimira. Yambani ndi kope, bokosi lisanatsegulidwe. Tiyerekeze kuti pamalo ena galimoto yaing'ono amatsuka pa K4,000, pikiapu pa K6,000, njinga yamoto pa K1,500. Tsikulo atsuka zazing'ono 9, mapikiapu 4 ndi njinga 12. Ndiye kuti ntchito yabweretsa K36,000, K24,000 ndi K18,000, zonse pamodzi K78,000. Onjezani K10,000 ya chenji ya mmawa, zikhala K88,000. Tsopano chotsani zimene sizingapezeke m'bokosi: K20,000 imene inalipidwa pafoni, K11,000 imene inagula sopo ndi chakudya cha masana, ndi K4,000 ya galimoto imodzi imene inatsukidwa pangongole. Zotsala ndi K53,000. Nambala imeneyi ilembedwe, kenako bokosi litsegulidwe.

Powerenga musaphatikize ndalama m'mutu pamene mukutembenuza mapepala, chifukwa foni ikalira muyambiranso. Werengani kuchuluka kwa mapepala a mtundu umodzi, mulembe, mupite ku mtundu wina, kuyambira zazikulu. M'chitsanzo chathu mungapeze ma K5,000 anayi, ma K2,000 asanu ndi awiri, ma K1,000 khumi ndi limodzi, ma K500 khumi, ma K200 khumi, ma K100 asanu ndi atatu ndi ma K50 anayi. Kuchulukitsa kuchitike pamapeto, papepala kapena pafoni: 20,000, 14,000, 11,000, 5,000, 2,000, 800 ndi 200, zimene zikupereka K53,000. Wachiwiri abwereze yekha, asanaone zimene mnzake wapeza, ndipo onse awiri asaine. Zikasiyana ndi kope, kusiyanako kumaloza kumene kuli vuto. Kuperewera kwa K1,500 yeniyeni kukusonyeza njinga imene sinalipire. Kwa K4,000 kukhoza kukhala galimoto yaing'ono, kapena K5,000 ija imene inapita ngati K1,000. Ndalama zikaposa za m'kope musasangalale msanga, pakuti ndiye kuti pali galimoto imene sinalembedwe, ndipo mawa yosalembedwayo ikhoza kupita ndi ndalama yake yomwe.

Zolipidwa pa Airtel Money kapena TNM Mpamba zikhale ndi mzere wawo m'kope, ndipo zizilowa pa nambala imodzi ya bizinesi, osati pa foni ya wantchito aliyense. Musakhulupirire uthenga umene kasitomala akukuonetsani pa foni yake, ngakhale umene wafika pa yanu musanaone kuti ndalama zanu zakweradi, poti mauthenga abodza alipo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Mwambi womwewo ukukhudza ngongole. Dalaivala wa minibasi amene amabwera tsiku lililonse n'kovuta kumukaniza, ndipo sitikunena kuti muzimukaniza, koma ngongole yake ilembedwe patsamba lake, ndipo tsiku limene wabweza ilembedwe ngati yobweza, kuti isasokoneze ndalama za tsikulo. Chimodzimodzi mwini malo akatapa m'bokosi kuti akagule ndiwo kunyumba: alembe dzina lake ngati wina aliyense. Eni malo ambiri ndiwo amaiwala lamulo limeneli, kenako n'kumakayikira antchito.

Mukamaliza, patulani kaye chenji ya mawa. Zotsalazo zisanjidwe nkhope kumodzi, zong'ambika padera kuti zikasinthidwe kubanki. Mabanki amamanga mapepala 100 a mtundu umodzi pa mtolo, choncho amene wabwera atasanja kale sachedwa pa kauntala. Ndalama zambiri zisagone pamalo a ntchito, ndipo wopita nazo kubanki kapena kwa ejenti asamayende ola limodzimodzi tsiku lililonse.

Malo amene amalipira antchito molingana ndi galimoto zimene aliyense watsuka amapeza malipirowo m'kope momwemo, popanda kukangana. Pakatha miyezi ingapo, kopelo limaonetsanso zimene maso saona: kuti sopo ndi bilu ya madzi ya Central Region Water Board zikudya gawo lanji la ndalama, ndiponso kuti ntchito imatsika motani msika wa fodya ukatsekedwa, pamene alimi atembenukira ku nazale ndi kugula feteleza. Wodziwa zimenezi amatha kupatula, kuyambira mwezi wa Meyi, ndalama ya lendi, ya chiphaso cha kukhonsolo ndi ya malipiro a Januwale ndi Febuluwale. Ndipo amene akufuna ngongole yogulira makina opopera madzi, kaya kubanki kaya ku banki mkhonde, akafunsidwa kuti bizinesi yake imapanga zingati pa mwezi, amatsegula kope lokhala ndi masiku, manambala a galimoto ndi masaini a anthu awiri.