KUPWETEKA KWA M'MIMBA KOSAYENERA KUGONA NAKO

Amayi, m'mimba mumapweteka pa zifukwa zambiri, ndipo kawirikawiri mumaleka mokha. Koma pali kupweteka kwina kumene simuyenera kudikira nako kuti kuche. Kumabwera chifukwa cha kutupa kwa chiwalo chimene madokotala amachitcha pankiriyasi. Ena amati kapamba, koma si kapamba uja amatupa mwana akamadwala malungo pafupipafupi.

Chiwalochi chiri kuseri kwa chifu, pamwamba pa mchombo, ndipo kutalika kwake ndi masentimita ngati 15. Chimapanga madzi ogaya chakudya, amene amatsikira m'matumbo kudzera m'kanjira kakang'ono. Chimapanganso insulini, imene imachepetsa shuga m'magazi. Madziwo ayenera kuyamba ntchito atafika m'matumbo. Akayamba akadali m'kati mwa chiwalocho amagaya mnofu wa chiwalo chomwecho, ndipo chimatupa.

Chimayambitsa nchiyani?

Kwa akulu zifukwa zazikulu nziwiri. Choyamba ndi timiyala timene timapangika m'chikwama cha ndulu. Kamodzi kakatsika ndi kutseka kanjira kaja, madzi amabwerera. Timiyalati timapezeka kwambiri mwa akazi, makamaka amene abereka kangapo, motero nkhaniyi ikukhudza inu eni. Chachiwiri ndi mowa wambiri. Kachasu amavulaza chiwalochi, ndipo bambo womwa tsiku ndi tsiku akadandaula m'mimba musangoti ndi matsire.

Mwa ana nthendayi siiwoneka kawirikawiri, koma imabwera. Njoka ya m'mimba ingathe kukwera ndi kulowa m'kanjira kaja. Matsagwidi nawo nthawi zina amatupitsa chiwalochi. Chinanso ndi kumenyeka pamimba, monga mwana akagwera pa chiwongolero cha njinga kapena akapondedwa ndi ng'ombe. Zikatere kupweteka kungayambe patapita maola kapena tsiku, mwana ataiwala kale za kugwako. Mufunseni bwino.

Mudzazindikira bwanji?

Kupweteka kumayamba mwadzidzidzi chapamtima, sikuleka, ndipo kumapyoza mpaka kumsana. Wodwala amasanza, koma kusanzako sikumpatsa mpumulo. Amapeza bwino pang'ono akakhala pansi ndi kuwerama, mawondo ali pachifuwa. Ena maso amachita chikasu. Mwana wamng'ono sangafotokoze. Amangolira, kukana kudya ndi kupinda miyendo, ndipo safuna kuti mumkhudze pamimba.

Mwa odwala 5, pafupifupi 4 amachira pasanathe sabata akathandizidwa. Koma mmodzi nthenda imamkulira. Madzi a m'thupi amathawira m'mimba, impso zimafooka, mapapo amalephera ntchito, ndipo angathe kufa. Pa tsiku loyamba ngakhale dokotala sangadziwe msanga kuti wodwala uyu adzakhala mbali iti. Nchifukwa chake onse amagonekedwa. Kupuma mofulumira, thukuta lozizira, kusokonezeka mutu ndi kuchepa kwa mkodzo ndi zizindikiro zoti zinthu zafika poipa.

Musateme mphini pamimba ndipo musammwetse mankhwala otsegula m'mimba. Sizifika pamene pali nthenda, ndipo zimangodya nthawi.

Zimene adzachita kuchipatala

Adzatenga magazi kuti ayeze ngati madzi ogaya chakudya aja alowa m'magazi mopyola muyeso. Kumene kuli makina ounikira m'mimba adzafunafuna timiyala ta ndulu kapena njoka. Ngati chipatala chanu nchaching'ono angakutumizeni ku chipatala cha boma, kapenanso ku Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu. Musakane ulendowo.

Palibe jakisoni mmodzi wochotsa nthendayi. Chithandizo chachikulu ndi madzi a m'diripi, mankhwala amphamvu oletsa ululu, ndi mpweya wa okosijeni ngati wodwala akubanika. Anamwino adzayeza mkodzo wonse umene akutaya, pakuti umasonyeza mmene impso zikugwirira ntchito. Inu amene mukudikirira wodwala, musataye mkodzowo iwo asanauone. Mankhwala opha tizilombo sapatsidwa kwa aliyense, koma pokhapokha pamene mbali yowonongeka ya chiwalocho yagwidwa ndi tizilombo. Musaganize kuti akumanani.

Kale wodwala ankamusala chakudya masiku ambiri. Lero zadziwika kuti kudya msanga kumathandiza. Kusanza kukaleka adzamlola phala lopanda mafuta, pang'onopang'ono. Dikirani mawu a namwino, ndipo za mafuta monga mandasi ndi nyama yonona zikhale kaye. Ngati wodwala ndinu ndipo mukuyamwitsa, auzeni adokotala kuti asankhe mankhwala oyenera mwana.

Ngati timiyala ta ndulu ndito tinayambitsa, adzalangiza opaleshoni yochotsa chikwama cha ndulu, pakuti popanda kutero nthenda imabwereranso. Munthu amakhala bwinobwino wopanda chikwamacho. Ngati unali mowa, ausiye kotheratu, ngakhale wa masese. Kwa ana, alandire mankhwala a njoka pamene akuperekedwa kusikelo, asambe m'manja ndi sopo asanadye, ndipo chimbudzi chanu chikhale ndi chivundikiro.