Nyumbu za ku Liuwa

Kumadzulo kwa Zambia, m'boma la Kalabo, kuli chidikha chachikulu chotchedwa Liuwa, pakati pa mitsinje ya Luanginga ndi Luambimba. Dzikolo ndi lamchenga, lathyathyathya, mitengo ndi yapatalipatali, udzu wokhawokha mpaka polekezera maso.

M'chilimwe madambo amaphwa, udzu umauma n'kupsa. Nthawi imeneyi nyumbu zimakhala zitasamukira kumpoto chakumadzulo, cha kumalire a Angola, komwe kuli mitengo ndi madzi otsalira. Koma mitambo ikangoyamba kuchita bii, chizimalupsa n'kugwa, msipu umaphuka pa lupsa ndipo nyumbu zimatembenuka. Cha mu Novembala zimatsikira kumwera, zikwizikwi, zitandondozana m'mizere italiitali, mbidzi zili pakati pawo. Kulira kwake kumamveka usiku wonse.

Ulendowu si wongoyendera mimba ayi. Zazikazi zimafika zili ndi bere, ndipo zambiri zimaswa m'masabata ochepa okhaokha, msipu uli wanthete, mkaka uli wochuluka. Kamwana kakangobadwa kamadzandira pang'ono, posakhalitsa kayamba kuthamanga pambali pa make. Kayenera kutero, chifukwa ku Liuwa afisi ndi ambiri ndipo amasaka m'magulu. Amagwirako ndithu, koma ana obadwa nthawi imodzi ndi ochuluka kwambiri moti afisi sangawathe. Mu Afirika yense, ndi ku Serengeti kokha komwe nyumbu zimasamuka zochuluka kuposa kuno.

Mvula ikakhazikika madzi amasefukira m'chidikhamo, nyama n'kumadya m'malo okwererako. Alozi, anthu a m'derali, nawonso amayenda ndi madzi: chigumula chikakwera mu Zambezi, Litunga, mfumu yawo, amasamuka pa bwato kuchoka ku Lealui kupita kumtunda ku Limulunga pa mwambo wa Kuomboka.

Chimene ndimalemekeza ku Liuwa n'chakuti anthu sanathamangitsidwemo. Kalekale mfumu ya Alozi, Lewanika, inaika anthu ake kuti azisunga nyama za m'chidikhachi, ndipo zidzukulu zawo zikadali momwemo, zikuweta ng'ombe ndi kugwira nsomba m'maiwe. Boma linasandutsa malowa nkhalango yotetezedwa mu 1972. Pa zaka za nkhondo ya ku Angola mfuti zinachuluka, nyama zinaphedwa koopsa, mpaka kunatsala mkango umodzi wokha waukazi. Kuyambira 2003 bungwe la African Parks lakhala likusamala Liuwa pamodzi ndi boma ndi ufumu wa Alozi, ndipo nyumbu zachulukanso.