MAU A M'MAPULANI A MALO: PHUNZIRO LOCHOKERA KU BIRIWIRI

Munthu wochoka pa boma la Ntcheu kulinga ku Dedza pa mseu wa M1 sayenda nthawi yaitali asanafike pa Biriwiri, pamene pali chipata cha malire a dziko lathu ndi Mozambique. M'chigawo chimenechi mseu uyenda motsata malire, kotero kuti pamalo ena wogula mbatata ya kachewere aima m'Malawi pamene wogulitsayo wachokera kutsidya, m'chigawo cha Tete. Malirewa anachokera m'pangano la Angelezi ndi Apwitikizi la 1891, ndipo anadula pakati pa anthu a mtundu umodzi ndi chilankhulo chimodzi. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, othawa nkhondo ambiri anakhala m'dera lino la Ntcheu, ndipo malo olima ndi nkhuni zinachepa ndithu.

Pamalo otere, pamene mseu, msika, munda ndi malire zikumana, mau a m'mapulani a Boma ali ndi kulemera kwake. Tiyerekeze mphunzitsi amene wapuma pa ntchito. Atenga ndalama zake za penshoni, agula kamalo m'mbali mwa mseu, namangapo golosale ya njerwa zootcha. Patapita zaka ziwiri apeza chizindikiro chofiira pakhoma, ndipo auzidwa kuti agwetse. Munthuyu sanabe kanthu. Kungoti sanadziwe tanthauzo la mau awiri kapena atatu. Chifukwa chake tsono tifuna kumasulira mauwo kwa inu aphunzitsi ndi antchito a Boma, pakuti ndinu amene anthu a kumudzi amayamba kufunsa.

MITUNDU YA MALO

Choyamba tidziwe kuti nthaka ya dziko lino siili ya mtundu umodzi. Lamulo la malo la 1965 linagawa nthaka patatu, ndipo ngakhale malamulo anakonzedwanso mu 2016 ndi mu 2022, mau atatuwa akali ofunika kuwadziwa.

Malo a Boma ndiwo amene asungidwira mtundu wonse: miseu, nkhalango zotetezedwa, ndi pamene pali maofesi a Boma monga a pachipata cha Biriwiri. Mfumu siingagawe malo otere, ndipo munthu sangawagulitse.

Malo a makolo ndiwo amene ayendetsedwa monga mwa mwambo, pansi pa mafumu. Minda yambiri ya ku Ntcheu ili m'gulu limeneli, ndipo m'midzi yambiri munda utsata mbumba ya kuchikazi, mkamwini nalima pa nthaka ya kwa mkazi wake.

Malo a munthu payekha ndiwo amene ali ndi chikalata cha umwini cholembedwa m'kaundula wa Boma. Ambiri mwa malowa ali pa lizi, ndiko kunena kuti Boma labwereka munthu malowo kwa zaka zowerengeka, kawirikawiri 99, ndipo iye alipira lendi ya nthaka chaka ndi chaka. Kalata yolemberana pogulitsana, ngakhale ikhale ndi chidindo cha anyakwawa, siili lizi ai.

Lamulo la Customary Land Act la 2016 linabweretsa chinthu chatsopano: banja kapena munthu angathe kulembetsa malo a makolo ndi kulandira chikalata. Ntchitoyi ipita kudzera m'komiti ya malo ya kwa gulupu, imene wapampando wake ndi agulupu eni ake, pamodzi ndi anthu 6 osankhidwa ndi mudzi, ndipo mwa iwowa osachepera 3 ayenera kukhala amai. Kudera la chikamwini mfundo imeneyi njofunika, kuti munda wa mbumba usalembedwe m'dzina la mlendo alongo ake a mwini mbumba ali osadziwa.

DERA LA PULANI NDI CHILOLEZO

Kale, pansi pa lamulo la Town and Country Planning Act la 1988, mphamvu ya mapulani inali kugwira kwenikweni m'mizinda ndi m'matauni amene Nduna inalengeza. Lamulo la Physical Planning Act la 2016 linasintha zimenezi, ndipo dziko lonse linasanduka dera la pulani. Ichi chitanthauza kuti malo a malonda onga Biriwiri, Lizulu ndi pamphambano ya ku Tsangano sali kunja kwa lamulo chifukwa chakuti ali kutali ndi mzinda.

Mau akuti chitukuko nawonso asocheretsa ambiri. Pakamwa pathu chitukuko ndicho chinthu chabwino chilichonse, monga mjigo kapena mlatho. Koma m'lamulo la mapulani chitukuko ndicho kumanga, kudula malo m'mapuloti, kapena kusintha ntchito ya malowo. Wosandutsa munda kukhala pomwetsera galimoto mafuta wachita chitukuko, ndipo ayenera kuyamba watenga chilolezo ku khonsolo. Tizindikire bwino apa: chikalata cha umwini chinena kuti malo ndi a yani, pamene chilolezo chinena chimene chingamangidwe pamalopo. Kukhala ndi chimodzi sikukhala ndi zonse ziwiri.

MAPULANI AKULU NDI ANG'ONO

Mapulani ali m'magulu monga makwerero. Pamwamba pali pulani ya dziko lonse, ndipo yoyamba yotere inatuluka mu 1987. Pansi pake pali pulani ya boma lililonse, imene isonyeza malo olima, nkhalango, misika ndi miseu. Pansi penipeni pali pulani ya tauni kapena malo a malonda, ndiponso mapu oyala mapuloti, osonyeza njira iliyonse, ngalande ya madzi, ndi pamene mabikoni a simenti akhomedwe.

M'mapulani amenewa muli mazoni, ndiko kupatula chigawo china chikhale cha nyumba zogona, china cha masitolo, china cha sukulu ndi chipatala, china cha manda kapena dzala. Anthu a ku Lilongwe azidziwa bwino zimenezi, popeza likulu litasamuka ku Zomba mu 1975 mzindawo unayalidwa m'maeriya a manambala, mafakitale napita ku Kanengo. Pamalo aang'ono cholinga chake nchomwecho: chigayo ndi malo omwera mowa asayandikane ndi kalasi, ndipo chimbudzi chisakumbidwe kumtunda kwa chitsime.

MALO A MSEU NDI MALO A NGOZI

Nawa tsono mau amene anagwetsa mphunzitsi wathu uja. Mseu suthera pamene phula lathera. Mseu waukulu wonga M1 uli ndi malo ake okwana mamita 60, ndiko kuti mamita 30 mbali iliyonse kuyambira pakati pa mseu. Malowa asungidwira ngalande, mapaipi, nthambo za magetsi ndi kukuza mseu mtsogolo, ndiponso ateteza ogulitsa ku galimoto lolephera mabuleki pamtsetse. Chipukuta misozi chiperekedwa kwa iye amene Boma lamlanda malo ake enieni chifukwa cha ntchito yothandiza onse. Koma womanga m'malo a mseu popanda chilolezo asayembekeze kulandira kanthu.

Anzathu a kutsidya ali ndi malamulo ao osiyana ndi athu. Ku Mozambique nthaka yonse ndi ya Boma, munthu nangolandira ufulu woigwiritsa ntchito, ndipo lamulo lao la 1997 linaika makilomita 2 a m'mbali mwa malire pakati pa malo otetezedwa. Wa ku Biriwiri amene wapatsidwa malo ndi mbale wake wa kutsidya adziwe kuti chikalata cha ku Ntcheu sichigwira ntchito kumeneko.

Palinso malo a ngozi, monga m'mphepete mwa mitsinje, m'madambo ndi pamapiri otsetsereka. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagumula nyumba za m'munsi mwa phiri la Soche ku Blantyre, ndipo anthu ambiri a ku Chilobwe anafa. Dera la Ntcheu ndi la mapiri ndi zigwa, kotero kuti chenjezo limeneli likhudzanso ife.

KUKULA KWA MATAUNI

Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni m'dziko muno, ndipo 16 mwa 100 alionse anali kukhala m'matauni. Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu January 2021, anaika kukula kwa matauni ngati umodzi mwa mizati yake itatu. Pamenepo panatuluka mau akuti mizinda yachiwiri, ndiyo malo 8 osankhidwa kuti achepetse kuthithikana kwa ku Blantyre ndi Lilongwe: Karonga, Nkhata Bay, Kasungu, Salima ndi Chipoka, Mangochi ndi Monkey Bay, Liwonde, Luchenza ndi Bangula. Ntcheu palibe pamndandandawo, koma malo a malonda a m'mbali mwa M1 ali kukula okha osadikira kusankhidwa. Tauni yotambalala motsata mseu ngati chingwe ivuta kuifikitsira madzi ndi magetsi, ndipo ana aoloka mseu waukulu popita kusukulu. Malo okula popanda pulani ndiwo amene pambuyo pake asowa njira yodzera ambulansi kapena maliro.

Kunena zoona, lamulo lolembedwa bwino silikwanira palokha. Makhonsolo ali ndi udindo waukulu kuyambira lamulo la maboma aang'ono la 1998, koma kujambula mapu ndi kukhoma mabikoni kufuna ndalama ndi akatswiri, ndipo anthu samaleka kumanga podikira. Nkoyenera kuti khonsolo ifulumire kuyala mapuloti, ndi kupachika mapuwo poyera pamsika m'chilankhulo chimene anthu amva.

Pakali pano inu owerenga muli ndi mbali yanu. Munthu akadza kwa inu ndi nkhani yogula malo, mfunseni zinthu zinai. Malowo ndi a mtundu wanji? Wogulitsayo ali ndi mphamvu yogulitsa, ndipo mbumba yavomera? Atalikira mamita angati kuchokera pakati pa mseu? Nanga a ku ofesi ya malo ndi mapulani pa boma la Ntcheu aona pulani ya nyumbayo? Akulu anati safunsa anadya phula. Ulendo wa pa minibasi wokafunsa ku khonsolo ngotsika mtengo koposa kugwetsa nyumba ya penshoni.