Nkhanza za m'banja kuminda ya fodya: ankhoswe akatsala kunyanja

Chaka chilichonse mvula isanagwe, mabanja a ku Mangochi, Machinga, Salima ndi Nkhotakota amakwera malole kupita kukalima fodya ku Kasungu. Ena amakafika mpaka kumaesiteti oyandikana ndi nkhalango ya Kasungu, cha ku Lifupa. Timawaperekeza ndi dua, timawalongedzera usipa ndi ufa, koma ndi ochepa mwa ife amene amafunsa kuti mwana wathu wamkazi akamenyedwa kumeneko adzathawira kwa yani.

Nkhanza za m'banja sizinayambire kufodya. Kafukufuku wa National Statistical Office wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti amayi 42 mwa 100 aliwonse amene anakwatiwapo anachitidwapo nkhanza ndi amuna awo: kumenyedwa, kukakamizidwa kugonana kapena kuzunzidwa m'maganizo. Chimene chimasintha munthu akasamuka ndi chitetezo chake.

Kwathu kunyanja ambiri timakwatira chikamwini. Mkazi amakhala pamudzi pa makolo ake, mayi ake ali pafupi, alongo ake ali pafupi, ndipo akakuwa usiku amalume ake amamva. Mwamuna naye amadziwa kuti ndi mkamwini, dzanja lake limalemera kukweza. Kuesiteti zonsezi kulibe. Nyumba ndi ya bwana, oyandikana nawo ndi alendo anzake, ndipo mayi amene anakulira Chiyao chokhachokha amavutika kufotokoza za kuchipinda m'Chichewa pamaso pa kapitawo kapena mfumu yosamudziwa. Ambiri amangokhala chete.

Palinso ndalama. Pa mgwirizano wa utenanti, dzina lolembedwa m'buku la bwana nthawi zambiri limakhala la bambo. Koma kuthirira nazale, kuwokera, kuthyola, kusoka ndi kupachika fodya m'chigafa, mayi ali momwemo, mwana ali kumsana. Chimanga ndi zina zimene banja limalandira pakati pa chaka zimalembedwa ngati ngongole, ndipo malipiro amabwera kamodzi, mabelo akagulitsidwa ku Chinkhoma kapena ku Kanengo. Mayi wochoka mu February, nthawi ya njala, amachoka chimanjamanja, alibe ngakhale ya basi. Akapirira mpaka msika, ndalama zimagwera m'thumba la mwamuna, ndipo kungofunsa kuti zatsala zingati kumatha kubala ndewu. Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti mu 2021 pokonzanso lamulo la zantchito, koma tonse tikudziwa abale amene akupitabe pa mgwirizano wapakamwa.

Pano tiyenera kudzidzudzula ife aphunzitsi ndi masheikh. Tazolowera kuuza mayi wotupa diso kuti achite sabr, ngati kuti kupirira ndi kudikira imfa. Pomwe Bibi Aisha (RA) anachitira umboni kuti Mtumiki Muhammad (SAW) sanamenyepo mkazi ngakhale wantchito. Surah An-Nisa, ndime 35, imalamula kuti banja likafuna kugawanika pasankhidwe woweruza wa kuchimuna ndi wa kuchikazi. Woweruza wa kuchikaziyo akakhala ku Makanjira osadziwa kanthu, lamuloli tidzalitsata bwanji? Ndipo ngati kuyanjanitsa kwakanika, Shariah imamulola mkazi kupempha kuti ukwati uthe.

Malamulo a dziko nawonso ali kumbali yake. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la 2006 silikamba za zibakera zokha. Kuwopseza ndi kumana banja chithandizo cha ndalama zilinso momwemo. Khoti la majisitireti lingathe kupereka chiletso choti mwamuna asamuyandikire kapena kumuzunza mkazi wake. Kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, ndipo nambala za 5600 ndi 116 ndi zaulere. Ya 116 ndi yokhudza ana kwenikweni. Wovulazidwa apite kuchipatala msanga kuti mabala alembedwe, ndipo wogwiriridwa afike asanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV. Vuto ndi mtunda. Kuchokera kumalire a nkhalango kukafika pa boma la Kasungu nthawi ya dzinja, msewu uli matope, ndi ulendo wofuna ndalama ya kabaza imene mayiyo alibe.

N'chifukwa chake ntchito yaikulu ili kwa ife otsala kumudzi. Banja lisananyamuke, ankhoswe a mbali zonse adziwe dzina la esiteti, mfumu ya deralo ndi mzikiti woyandikira. Mwana wamkazi apite ndi chiphaso chake cha unzika m'manja mwake, komanso simu khadi ya dzina lake, kuti ndalama ya ulendo ya pa Airtel Money kapena Mpamba imufike iye mwini. Muimbireni pa nthawi imene mwagwirizana, monga Lachisanu lililonse ikatha Jumu'ah. Foni ikamayankhidwa ndi mwamuna yekhayekha milungu itatu yotsatizana, amalume akwere basi ya ku Kasungu.