ZA UMOYO: Mimba yofulumira pambuyo pa opaleshoni

Mai amene wabala mwana mwa opaleshoni amakhala ndi zilonda ziwiri. Ca pakhungu cimapola m'masabata ocepa, koma ca pa cibaliro cimatenga nthawi yaitali kuti cilimbe. Ambiri amanyengedwa ndi cilonda cakunja, naganiza kuti thupi lonse lacira.

Mimba ikabwera msanga, cibaliro cimakula ndi kukoka cipsera cimene cikali cofooka. Pa nthawi ya zowawa za kubala cipseraco cingang'ambike. Mai amataya magazi ambiri m'kati, ndipo mwana angafe m'mphindi zocepa. Ngozi iyi imakula kwambiri ngati mai abalanso isanakwane miyezi 18 kucokera pa opaleshoni. Bungwe la WHO mu 2005 linalangiza kuyembekeza miyezi 24 asanatenge mimba ina.

M'boma la Rufunsa nkhani iyi ndi yaikulu cifukwa ca mitunda. Makiliniki a m'midzi sacita opaleshoni. Mai wa kwa Mfumu Shikabeta kapena kwa Mfumu Bunda Bunda ayenera kufika ku cipatala ca St. Luke's ku Mpanshya, kapena ku Lusaka, ndipo nthawi ya dzinja njira zina zimabvuta. Cibaliro cikang'ambika kumudzi, galimoto ingapezeke mocedwa.

Kuyamwitsa kumateteza kokha ngati mwana sanakwanitse miyezi 6, akuyamwa bere lokha usana ndi usiku, ndiponso mai sanayambe kusamba. Cimodzi cikasowa, mimba ingabwere. N'cifukwa cace mai ayenera kusankha njira ya cilezi asanatuluke m'cipatala. Pali nyeleti ya miyezi 3, Jadelle ya pamkono ya zaka 5, lupu, mapilisi ndi makondomu. Abambo nawo apite kukamva malangizo, pakuti nkhani iyi ndi ya anthu awiri.

Mai amene watenga kale mimba asacite manyazi kapena kubisala. Ayambe sikelo msanga, nauze anamwino za opaleshoni yakale. Masiku akayandikira, akadikire pafupi ndi cipatala. Asabalire kunyumba, ndipo asamwe mankhwala acikuda ofulumizitsa kubala, cifukwa amafinya cibaliro mwamphamvu. Akamva kupweteka kwambiri pa cipsera, akaona magazi, kapena mwana akaleka kugunda, acibale athamange naye ku cipatala nthawi yomweyo, ngakhale ndi usiku.