Amisiri a luso la manja angatani kasitomala akakana kulipira?

LILONGWE – Mmisiri amene amapanga katundu pa oda ya munthu amayamba kuwononga ndalama asanalandire kalikonse. Wosema ziboliboli amagula mtengo wa phingo, telala amagula ulusi ndi zipi, woluka mipando amafuna nsungwi ndi vanishi, ndipo onsewa amatha masiku ambiri akugwira ntchito imene malipiro ake akadali m'thumba la munthu wina. Mwini odayo akasintha maganizo, kapena akatenga katundu n'kuzimitsa foni, mmisiri amataya mpamba wake pamodzi ndi nthawi imene akanapangira zinthu zina zogulitsa.

Vutoli si lachilendo m'chigawo cha kum'mwera ndi pakati pa Africa, komwe luso la manja limadyetsa mabanja ambiri. Ku Tengenenge, pafupi ndi Guruve m'dziko la Zimbabwe, anthu akhala akusema miyala kuyambira mu 1966 pamene Tom Blomefield anakhazikitsa mudzi wa amisiriwo. Ku Lusaka kuli Kabwata Cultural Village, ku Mua m'boma la Dedza kuli KuNgoni Centre, pomwe Amakonde a kumpoto kwa Mozambique ndi odziwika padziko lonse pa nkhani yosema mitengo. Koma amisiri ambiri sali pansi pa bungwe lililonse. Amagwira ntchito paokha, m'mphepete mwa msewu kapena kuseri kwa nyumba, ndipo mgwirizano wawo ndi kasitomala umakhala wapakamwa.

Katundu wa oda amasiyana ndi wa pa shelefu. Dengu wamba likakanidwa ndi munthu mmodzi, wina adzagula. Koma chikwangwani chosemedwa dzina la banja, diresi laukwati losokedwa pa muyezo wa mkwatibwi mmodzi, kapena chithunzi chojambula nkhope ya bambo a munthu wina, n'zovuta kuzipezera msika wina. Mmisiri akatsala nazo, amazigulitsa motchipa kwambiri kapena zimangokhala m'nyumba mpaka kuwonongeka.

Mliri wa Covid-19 utaimitsa alendo okaona malo mu 2020, amisiri ambiri anayamba kulandira maoda kudzera pa WhatsApp ndi Facebook. Njirayi inawatsegulira msika wa ku Johannesburg ndi London, komanso inabweretsa makasitomala amene mmisiri sanawaonepo ndi maso ndipo sadziwa kumene amakhala. Palinso chinyengo cha uthenga wabodza wa pafoni woonetsa ngati ndalama zatumizidwa kudzera pa Airtel Money, TNM Mpamba, EcoCash kapena M-Pesa. Mankhwala a chinyengo chimenechi ndi apafupi: kuona kaye ndalama zimene zili mu akaunti katundu asanachoke m'manja.

Kuchedwa kulipira nakonso kumadya phindu, ngakhale ndalama zitadzabwera. Mu November 2023 banki yaikulu ya Malawi inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, moti dola imodzi ya ku America inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Mmisiri amene anagwirizana mtengo mu October chaka chimenecho n'kulipidwa mu January anapeza kuti ndalamazo sizikukwanira kugula utoto, guluu ndi zitsulo zofanana ndi zimene anagwiritsa ntchito, popeza zambiri mwa izi zimachokera kunja. Amisiri a ku Zimbabwe anaona zoposa pamenepa mu 2008, pamene mitengo inkakwera tsiku lililonse ndipo ngongole ya sabata imodzi inkasanduka yopanda pake.

Chitetezo chachikulu chimene mmisiri ali nacho ndi dipoziti. Ambiri amapempha theka la mtengo ntchito isanayambe, ndipo nzeru yake ndi yakuti ndalamayo ikwanire kugulira zipangizo zonse, kuti kasitomala akathawa mmisiri ataye thukuta lokha, mpamba utsale. Pa ntchito yaikulu, monga mipando ya pa hotela kapena chosema cha m'tchalitchi, malipiro amatha kugawidwa patatu: poyamba, ntchito ikafika pakati, ndi pa tsiku lotenga katundu. Amisiri ena amachita manyazi kupempha dipoziti kwa wachibale, mnzawo wa kumpingo kapena bwana wodziwika, poopa kuoneka ngati akumukayikira. Komatu ngongole zovuta kulonjerera zimachokera kwa anthu oterewa, chifukwa palibe amene amafuna kutengera mlamu wake kubwalo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Mgwirizano wapakamwa ndi wovomerezeka pa malamulo a mayiko ambiri a m'chigawochi. Chovuta ndi kuutsimikizira pamaso pa woweruza pamene winayo akukana. Choncho kapepala kolembedwa pamanja, kosonyeza chimene chapangidwa, mtengo wake, ndalama yaperekedwa kale, yotsala ndi tsiku lolipira, n'kamphamvu kuposa mboni zitatu zimene zinangomva nkhaniyo. Sipafunika loya kuti alembe kapepala kotere. Uthenga wa pafoni nawonso umalandiridwa ngati umboni. Ku South Africa izi zili m'lamulo la Electronic Communications and Transactions Act la mu 2002, ndipo ku Malawi zili mu Electronic Transactions and Cyber Security Act la mu 2016. Mmisiri amene akagwirizana ndi munthu pakamwa amamutumizira uthenga wobwereza zimene apangana, n'kusunga yankho lake, amakhala kuti wadzikonzera umboni.

Funso limene amisiri ambiri amafunsa ndi lakuti kodi ali ndi ufulu wokaniza katundu mpaka atalipidwa. Ku Zambia ndi ku Malawi, komwe malamulo a zamalonda anachokera ku lamulo la ku Britain la Sale of Goods Act la mu 1893, wogulitsa amene sanalipidwe akhoza kusunga katunduyo mpaka atalandira ndalama zake, pokhapokha ngati anavomera kugulitsa pa ngongole. Ku South Africa ndi ku Zimbabwe, komwe amatsata malamulo a Roman-Dutch, katundu wogulitsidwa pa ndalama ya pompopompo amakhalabe wa wogulitsa mpaka mtengo utalipidwa. Koma mphamvu imeneyi imachepa katundu akangochoka pakhomo la mmisiri. Akamupereka pokhulupirira lonjezo la kumapeto kwa mwezi, ndiye kuti wabwereketsa, ndipo sangapite kunyumba ya kasitomala kukalanda katunduyo mokakamiza. Kutero kungamusandutse wolakwa pa mlandu umene iye ndiye anali wodandaula.

Amisiri amene amasiya katundu wawo m'masitolo a ziboliboli kuti alipidwe akagulidwa amakumana ndi vuto lofanana. Popanda mndandanda wosainidwa wa zinthu zimene zasiyidwa ndi mitengo yake, n'zovuta kudziwa pakatha miyezi isanu ndi umodzi kuti chagulidwa n'chiti, chasweka n'chiti, kapena chasowa n'chiti.

Kasitomala akakana kulipira, ambiri amathamangira kupolisi. Nthawi zambiri amabwerako ndi yankho lakuti ngongole si mlandu wa upandu. Apolisi amalowererapo pakakhala umboni wakuti munthuyo anatenga katundu mwachinyengo, mwachitsanzo pogwiritsa ntchito uthenga wabodza wa ndalama kapena dzina labodza. Kulephera kapena kuzengereza kulipira ndi nkhani ya bwalo loweruza milandu ya pakati pa anthu. M'madera a kumidzi nkhani zotere zimayambira kwa nyakwawa, ndipo m'misika ya m'tauni komiti ya msika imatha kuyanjanitsa awiriwo. Njirazi zimagwira ntchito ngati onse akukhala dera limodzi, chifukwa chimene chimamukakamiza wangongole kulipira ndi manyazi pamaso pa anthu omudziwa.

Zikakanika pamenepo, chotsatira ndi kalata yochenjeza, yotchula ndalama zimene zikufunika ndi tsiku lomaliza kulipira. Ku South Africa kalatayi ndi yofunika pa lamulo munthu asanakasume ku Small Claims Court, ndipo wangongole amapatsidwa masiku 14. Mabwalo amenewa anakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1984 kuti athandize anthu amene sangakwanitse kulipira loya, ndipo mu 2019 malire a ndalama zimene munthu angasumire anakwezedwa kufika pa R20,000. Maloya saloledwa kuimira anthu m'bwaloli, aliyense amadzilankhulira yekha. Munthu akhoza kusumira kampani, koma kampani singasumire munthu kumeneko, ndipo boma silisumiridwa m'bwalo limeneli. Zambia ndi Zimbabwe nawo ali ndi malamulo okhazikitsa mabwalo a milandu ing'onoing'ono ya ndalama, pomwe ku Malawi nkhani zotere zimapita kubwalo la majisitireti.

Nthawi yosumira ili ndi malire. Ku South Africa ndi ku Zimbabwe ngongole wamba imafa pakatha zaka zitatu ngati mwini wake sanachitepo kanthu, pomwe ku Malawi ndi ku Zambia malire a milandu ya mgwirizano ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ku South Africa, wangongole akavomera kuti ngongoleyo ilipodi, zaka zitatuzo zimayambanso kuwerengedwa kuchokera tsiku limenelo. N'chifukwa chake uthenga wakuti ndalama zibwera mwezi wamawa suyenera kufufutidwa, ngakhale utakhala wachisanu wa mtundu womwewo.

Kupambana mlandu sikutanthauza kuti ndalama zalowa m'thumba. Wangongole akapanda kumvera chigamulo, pamafunika kubwereranso kubwalo kuti masherifu akalande katundu wake, ndipo zimenezi zimafuna ndalama ndi nthawi zina. Kasitomala akakhala kudziko lina, ndalama zotsatira nkhaniyo zimaposa mtengo wa katundu amene watayika. Pa maoda a kunja, amisiri odziwa bwino malonda satumiza kanthu asanalandire ndalama zonse pamodzi ndi zolipirira mtengatenga.

Ena amasankha kuyalutsa wangongole pa Facebook poika dzina ndi chithunzi chake. Nthawi zina ndalama zimabweradi tsiku lomwelo. Koma mmisiri akalemba mawu oposa zimene angatsimikizire, monga kumutchula munthu kuti mbava, akhoza kusumiridwa mlandu woipitsa mbiri, umene chipukuta misozi chake chingapose ngongole yonseyo.

Pali mfundo ina imene ojambula zithunzi za anthu ayenera kuidziwa. Lamulo la umwini wa luso la ku South Africa la mu 1978 limati munthu amene waitanitsa chithunzi cha nkhope, n'kulipira kapena kuvomera kulipira, ndiye mwini ufulu wochichulukitsa, pokhapokha awiriwo atagwirizana mwina. Mawu akuti kuvomera kulipira ndi amene amapweteka wojambula, popeza ufuluwo ukhoza kupita kwa kasitomala amene sanapereke ngakhale senti imodzi. Wojambula amene akufuna kupewa zimenezi amalemba pa kapepala ka mgwirizano kuti ufuluwo ukhalabe wake mpaka ndalama yomaliza italipidwa.