Mmene Mwawi Kumwenda wa ku Mzimba Adayambira Ulendo Wake wa Mpira

Munthu woyenda m'boma la Mzimba, kaya wadzera ku Euthini, ku Embangweni kapena pa boma penipeni, sangalephere kuona mitengo iŵiri yozikidwa m'mbali mwa bwalo la sukulu, uliwonse uli ndi mkombero wa chitsulo kumutu kwake. Pamenepo ndi pamene atsikana amaseŵera mpira wa manja, umene ambiri amautcha ntchemberembaye ndipo Angerezi amati netball. M'boma lomweli, pa 27 September 1989, mudabadwa Mwawi Kumwenda, amene adadzasankhidwa kukhala woseŵera wopambana onse pa mpikisano wa dziko lonse lapansi m'chaka cha 2015. Omvera ambiri adamva dzina lake atatchuka kale. Nkhani ya lero ikufotokoza za zaka zoyamba, pamene kudalibe amene akadalosera kuti mwanayu adzadya za manja ake mwa kuponya mpira.

Poyamba nkofunika kudziŵa kumene maseŵeraŵa adachokera, popeza ntchemberembaye ndi mwana wa basiketibolo wa ku America. M'chaka cha 1891 mphunzitsi wina dzina lake James Naismith, wa pa sukulu ya YMCA mu mzinda wa Springfield, adafuna maseŵera oti anyamata azichita m'nyumba nthaŵi ya chisanu. Iye adakhomera madengu aŵiri a mapichesi m'mwamba, nauza anyamatawo kuti aziponyamo mpira. Maseŵeraŵa atawoloka nyanja nkufika ku Mangalande, aphunzitsi a pa koleji ya amayi ya Martina Bergman Österberg adawasintha pang'onopang'ono. Dengu lidasanduka mkombero wokhala ndi ukonde, ndipo malamulo oyamba a netball adasindikizidwa m'chaka cha 1901. Mpaka lero mkombero wa maseŵera onse aŵiri umatalika chimodzimodzi, mamita 3.05 kuchokera pansi.

Komatu ngakhale maseŵeraŵa ali pachibale, njira ya mwana wofuna kukhala katswiri ndi yosiyana kwambiri. Ku America makwerero adakonzedwa kale. Mnyamata amayamba kuseŵerera sukulu yake ya sekondale, ndipo akaonetsa luso makoleji amamulimbirana, namlonjeza kuti adzaphunzira osalipira. Pambuyo pake matimu 30 a ligi ya NBA amakhala pansi chaka ndi chaka kusankhana achinyamata, ndipo matimu amene adachita moipa chaka chathacho ndiwo amapatsidwa mpata wosankha moyambirira, kuti mphamvu zisaunjikane mbali imodzi. Umu ndi mmene LeBron James, mnyamata wa ku Akron wa zaka 18, adatengedwera ndi timu ya Cleveland Cavaliers m'chaka cha 2003, atangomaliza kumene sekondale. Atsikana nawonso adapindula ndi lamulo la m'chaka cha 1972, lotchedwa Title IX, loletsa sukulu zolandira ndalama za boma kusala ana aakazi. Mwana waluso kumeneko amaonedwa msanga, chifukwa pali anthu amene ntchito yawo ndi yongoyendayenda kufunafuna ana otere.

Mwawi adalibe makwerero a mtundu umenewo. Iye ndi chitsirizira m'banja la ana asanu ndi atatu, ndipo monga wakhala akufotokozera atolankhani a kunja, mpira wake woyamba udali wa majumbo, okulungidwa pamodzi ndi kuwambidwa pamoto kuti alimbe. Mikombero ankaipanga kuchokera ku matayala akutha, naimangirira ku mitengo. Ankaseŵera wopanda nsapato. Omvera akumudzi sangadabwe ndi zimenezi, pakuti ndiwo maleredwe a mpira m'midzi yambiri ya dziko lino. Chimene chiyenera kunenedwa nchakuti mpira wa majumbo ndi mphunzitsi waukali. Suuluka molunjika, sulemera mofanana mbali zonse, ndipo mphepo ikaomba umapita kumene wafuna. Mwana amene wazoloŵera kuŵakha mpira wotere pa bwalo la miyala, manja ake amakhala atauma kale pamene adzagwira mpira wachikopa. Izi sizikutanthauza kuti umphaŵi ndi wabwino ayi. Ana ambiri aluso lofanana ndi lake adathera pa mabwalo omwewo, osaonedwa ndi wina aliyense.

Sitepe yoyamba idali yochoka kumpoto kupita ku Blantyre akali mtsikana wamng'ono, chifukwa kumeneko ndi kumene kudali matimu akuluakulu. Adaloŵa timu ya Escom Sisters, imene pambuyo pake idadzatchedwa Diamonds, ndipo adapeza mpira wa manja wa Malaŵi uli pachimake. M'chaka cha 2007 timu ya dziko lino, ya Malawi Queens, idakhala pa nambala 5 pa mpikisano wa dziko lonse ku Auckland, ndipo dzina la Mary Waya lidali pakamwa pa aliyense. Mtsikana wofika kumene kuchokera ku Mzimba adali ndi akuluakulu oti aziwayang'ana, ndiponso otchinga kumbuyo odziŵa ntchito oti azilimbana nawo sabata ndi sabata.

Ntchito imene Mwawi adaphunzira ndi ya womwetsa zigoli, ndipo iyenera kufotokozedwa bwino chifukwa owonerera ambiri amaipeputsa. Timu imakhala ndi oseŵera asanu ndi aŵiri, koma aŵiri okha ndiwo amaloledwa kuponya mpira mu mkombero, ndipo ayenera kutero ali m'kati mwa kabwalo kozungulira ka mamita 4.9 kuchokera pa mtengo. Wogwira mpira saloledwa kuyenda nawo, ndiponso ayenera kuutaya masekondi atatu asanathe. Kuseri kwa mkombero kulibe thabwa longa la basiketibolo loti mpira nkugundako nkubwerera, motero woponya akaphonya waphonya basi. Wotchinga amaima pa mtunda wa masentimita 90, manja ali m'mwamba, pamene wina akudikira pansi pa mtengo kuti atole mpira ukakana. Zonsezi zimachitika kwa zigawo zinayi za mphindi 15 chilichonse. Tsono womwetsa zigoli amagwira ntchito yaikulu mpira usanafike m'manja mwake: kunamiza wotchinga, kumtsekera kumbuyo ndi thupi, ndi kutulukira pa malo oyenera pa nthaŵi imene mnzake wakonzeka kupatsira.

Apa mpamene pali chodabwitsa cha Mwawi. Msinkhu wake ndi mamita 1.83. Kumudzi ameneyo ndi mkazi wamtali zedi, koma m'maligi akuluakulu omwetsa zigoli ena, monga Romelda Aiken ndi Jhaniele Fowler a ku Jamaica, amapitirira mamita 1.95, ndipo amangoima pansi pa mtengo nkumalandira mipira yodzera m'mwamba. Mwawi sakadapikisana nawo pa kutalika. Chuma chake chidali kulumpha, kuŵakha mpira umene ena akadauleka kuti utuluke, ndi kutembenuka mofulumira asanaponde pansi.

Mwayi wake, monga dzina lake linenera m'Chitumbuka, udamgwera kutali ndi kwawo. M'chaka cha 2009, ali ndi zaka 19, adapita ndi timu ya achinyamata ya Malaŵi ku mpikisano wa dziko lonse ku Cook Islands, tizilumba ta pakati pa nyanja ya Pacific. Kumeneko adaonedwa ndi Maxine Wauchope, mayi wa ku Australia wodziŵa za mpira wa manja, amene adayamba kukonza zoti mtsikanayu akaseŵere kwawo. Zimenezi zidatenga nthaŵi. M'chaka cha 2010 Mwawi adapita ndi Malawi Queens ku maseŵera a Commonwealth ku Delhi, kumene Malaŵi adakhalanso pa nambala 5, ndipo m'chaka cha 2011 ndi pamene adakwera ndege kupita kukaloŵa timu ya Peninsula Waves, kufupi ndi mzinda wa Melbourne.

Anthu a ku Mzimba amaudziŵa ulendo. Kwa mibadwo ingapo amuna a m'bomali akhala akupita ku Joni kukafuna ntchito, ndipo amadziŵa kuŵaŵa kwa chaka choyamba m'dziko la eni: chakudya chachilendo, kuzizira, chilankhulo chothamanga, ndi kusoŵa wina woti nkumuuza zakukhosi. Kusiyana kwake nkwakuti wopita ku Joni amapeza abale ndi anansi akumdikira, pamene mtsikanayu adapita kumene kudalibe njira yopondedwa kale ndi Mmalaŵi mnzake pa maseŵeraŵa.

Nkofunikanso kuzindikira kuti Peninsula Waves sidali timu ya mu ligi yaikulu. Inkaseŵera mu ligi ya chigawo cha Victoria chokha. Woseŵera amene adali ataimira kale dziko lake ku Commonwealth adayenera kuyambiranso pansi, ndipo adakhala pamenepo zaka zingapo. Kaseŵeredwe kadalinso kena. Ku Malaŵi mpira umayenda ndi mapasi aafupi, moleza mtima, nthaŵi zina kubwerera m'mbuyo mpaka mpata utapezeka. Ku Australia wotchinga amakakamira munthu wake ngati nkhupakupa kuyambira mphindi yoyamba mpaka yomaliza, ndipo aphunzitsi amaŵerenga chiponyo chilichonse, choloŵa ndi chophonya. M'chaka cha 2013 Mwawi adakwera sitepe ina, naseŵerera timu ya Victorian Fury mu ligi yachiŵiri ya dziko la Australia, ndipo timuyo idatenga chikho.

Khomo la ligi yaikulu lidatseguka m'chaka cha 2014, osati ku Australia koma ku New Zealand. Nthaŵi imeneyo matimu khumi a maiko aŵiriŵa ankapikisana mu ligi imodzi yotchedwa ANZ Championship, ndipo timu ya Tactix ya mu mzinda wa Christchurch idamtenga kuti aloŵe m'malo mwa Jo Harten wa ku Mangalande, amene adapita ku timu ina. Tactix idali timu yogonja kaŵirikaŵiri. Kwa womwetsa zigoli, timu yotere ndi mayeso oŵaŵa, popeza mipira imafika mochedwa ndiponso mokhota, ndipo chigoli chilichonse chophonyedwa chimaoneka. Ngakhale zidali choncho, pakutha pa chaka choyambacho Mwawi adapatsidwa mphotho ya woseŵera watsopano wopambana mu ligi yonse.

M'mwezi wa August 2015 maiko 16 adakumana ku Sydney pa mpikisano wa dziko lonse. Chikho chidapita kwa Australia, amene adagonjetsa New Zealand ndi zigoli 58 kwa 55, ndipo Malaŵi adathera pa nambala 6. Kaŵirikaŵiri ulemu wa woseŵera wopambana umayembekezeka kupita ku matimu ofika mu ndime yomaliza, koma chaka chimenecho oweruza adaupereka kwa womwetsa zigoli wa timu ya nambala 6. Patapita miyezi yoŵerengeka, bungwe la International World Games Association lidamlengeza kukhala katswiri wa chaka cha 2015, anthu atavota pa intaneti.

Zotsatira zake omvera ambiri akuzikumbukira. Ligi ya maiko aŵiri ija itatha, Mwawi adabwerera ku Melbourne m'chaka cha 2017 kukaseŵerera timu ya Vixens. Mu April 2018 adali m'gulu la Malawi Queens limene lidagonjetsa New Zealand ndi zigoli 57 kwa 53 pa maseŵera a Commonwealth ku Gold Coast, ndipo chaka chomwecho adaduka mtsempha wa m'bondo, vuto limene limakhazika woseŵera pansi kwa miyezi yambiri. Adachira nabwerera pa bwalo. Mu ndime yomaliza ya ligi ya Australia m'chaka cha 2020, ku Brisbane, adaponya mipira 50 ndipo 47 idaloŵa. Vixens idagonjetsa West Coast Fever ndi zigoli 66 kwa 64.